Kutcheza madzi pakhomo: poto, paipi yopindapinda kapena dzuwa?

Madzi akawira amasanduka nthunzi, koma mchere, matope, zitsulo zosungunuka ndi tizilombo toyambitsa matenda zimatsalira mumphika. Nthunziyo ikagunda chinthu chozizira imabwerera kukhala madzi. Kutcheza madzi ndi kumeneku basi. Chotchezera chilichonse, kaya chogula kaya chopanga nokha, chili ndi mbali ziwiri: potenthetsera ndi poziziritsira. Chimene chimasiyanitsa njira zimene tiyerekeze pano ndi kumene mutenge kutenthako, ndi kumene mukakutaye kukagwira ntchito yake. Ambiri amalimbana ndi funso loyambalo n'kuiwala lachiwiri, ndiye amadabwa kuona nkhuni zikutha, nthunzi ili tolotolo m'khitchini, koma m'botolo muli timadontho.

Lita imodzi imadya moto wochuluka bwanji?

Kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchokera pa madigiri 20 kufika pa 100 kumafuna mphamvu yokwana 335 kJ (makilojulu, muyezo wa mphamvu ya kutentha). Kuti lita yomweyo isanduke nthunzi yonse pamafunikanso 2,260 kJ, kutanthauza pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa poyamba paja. Zonse pamodzi ndi 2,600 kJ, kapena 0.72 kWh (mayunitsi a magetsi) tikawerengera ngati magetsi. Palibe luso la mmisiri limene lingachotse chiwerengero chimenechi pa chotchezera wamba. Chimene luso lingachite ndi kuchepetsa kutentha kotayikira m'mbali.

Tiziike m'zinthu zooneka. Nkhuni zouma zimasunga pafupifupi 15,000 kJ pa kilogalamu, koma pa moto wapoyera gawo lolowadi mumphika ndi 10 mpaka 15 pa 100 alionse. Ndiye kilogalamu ya nkhuni siikwanitsa n'komwe lita imodzi. Pa mbaula yabwino yotsekera mphepo imatha kupereka lita imodzi ndi theka. Makala amapereka malita awiri kapena atatu pa kilogalamu, gasi pafupifupi malita 9. Banja la anthu asanu, aliyense malita atatu akumwa ndi kuphikira, lifuna malita 15 pa tsiku. Pa moto wapoyera amenewo ndi makilogalamu pafupifupi 20 a nkhuni, tsiku ndi tsiku, dzinja ndi malimwe.

N'chifukwa chake musanagule paipi ngakhale imodzi muyambe mwadziwa vuto la madzi anu. Ngati vuto ndi tizilombo tokha, kutcheza n'kuwononga nkhuni. Kuwiritsa madzi mpaka abwate kwa mphindi imodzi n'kokwanira, kapena mphindi zitatu ngati muli kumapiri kopitirira mamita 2,000. Klorini amagwiranso ntchito, ngakhalenso kuika madzi oyera m'mabotolo oonekera padzuwa lamphamvu kwa maola 6. Kutcheza kumakhala ndi phindu pamene madzi ali ndi zosungunuka zimene kuwiritsa sikuchotsa: mchere, mtovu, ndi mankhwala monga fluoride, arsenic ndi nitrate amene amavulaza thupi akachuluka m'madzi. Zimenezi kuwiritsa kumangozichulukitsa, chifukwa madzi amachepa izo zili pompo. Malire a bungwe la WHO pa madzi akumwa ndi mamiligalamu 1.5 a fluoride pa lita, 50 a nitrate, ndipo arsenic ndi mtovu ndi 0.01 basi. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magalamu 35 a mchere pa lita. Kuti mudziwe za fluoride kapena arsenic pamafunika kuyezetsa madzi ku labotale, chifukwa sizimveka pakamwa kapena kununkha.

Poto ndi chivundikiro chozondotsa

Iyi ndi njira ya tsiku langozi, yosafuna kugula kanthu. Tengani poto wamkulu wa malita 8 kapena 10, muthire madzi kufika gawo limodzi mwa magawo atatu. Pakati ikanipo choimikira, kaya kachitsulo ka miyendo kaya miyala itatu yotsuka bwino, n'kukhazikapo mbale yagalasi kapena yachitsulo kuti ikhale pamwamba pa madzi. Vundikirani ndi chivundikiro chobulungira mochizondotsa, chogwirira chiloze pansi pakati pa mbaleyo, ndipo m'dzenje la chivundikirocho muthire madzi ozizira. Nthunzi imachita mame kunsi kwa chivundikiro, mamewo amatsetserekera pakati n'kumadonthera m'mbale.

Moto ukhale wapakatikati. Madzi akamabwata kwambiri amathovukira m'mbale, ndipo dontho limodzi la madzi oipa limaipitsa onse amene mwasonkhanitsa. Chogwirira chapulasitiki chichotsedwe kapena mupeze chivundikiro cha chogwirira chachitsulo, apo ayi madzi amamveka fungo lake.

Chofooka cha njirayi ndi kuchepa kwa malo oziziritsira. Madzi a pachivundikiro amatentha m'mphindi zochepa, ndiye mumangokhalira kutunga ndi kuthira ena. Madzi oundana amathandiza, koma kuti mupeze lita imodzi pamasungunuka makilogalamu 4 mpaka 7, ndipo amene ali ndi firiji yopanga ochuluka chonchi ali ndi magetsi oyendetsera njira yabwinopo. Yembekezerani kapu imodzi kapena awiri pa ola. Kuthira m'batire kapena kupulumuka tsiku limodzi n'zotheka, koma kumwetsa banja ayi.

Mphika wotseka ndi paipi yopindapinda m'ndowa

Pa njira zonse za moto, iyi ndiyo yoyenera kuitayira nthawi. Nthunzi imatuluka mumphika wotseka bwino, n'kudutsa m'paipi yokulungidwa ngati nkhata imene yamizidwa m'ndowa ya madzi ozizira, n'kutulukira pansi ili madzi.

Mphika ungakhale pressure cooker kapena poto wa stainless steel wa malita 10 mpaka 20. Pa pressure cooker mumachotsa kachitsulo kolemera ka pamwamba kaja n'kuvekapo kapaipi ka silicone pa kamlomo kotulukira nthunzi. Vavu yachitetezo musaikhudze. Kabowo ka kamlomoko n'kakang'ono, choncho moto ukakula mphamvu imachuluka mkati ndipo kapaipi kamavuka. Moto uzikhala wodekha. Poto wamba ndi wabwinopo pa ntchito ya tsiku ndi tsiku: boolani chivundikiro, mumangepo cholumikizira cha mamilimita 10 kapena 12 chokhala ndi nati ndi mawashala a silicone, ndipo m'mphepete mwa chivundikiro muikemo lamba wa silicone n'kupanikiza ndi zopanira zinayi kapena zisanu ndi chimodzi. Popanda silicone, ufa wa tirigu wokanda ndi madzi umamata bwino. Umauma ndi kutentha, ndipo ubwino wake ndi wakuti paipi ikatsekeka ndi umene umayamba kung'ambika mphika usanaphulike. Ngati madzi anu ndi amchere kwambiri pewani mphika wa aluminiyamu, chifukwa mchere wotentha umaudya timabowo.

Kuchokera pachivundikiro paipi iyambe yakwera choongoka masentimita 20 mpaka 30 isanakhotere kundowa. Kukwera kumeneku kumabweza timadontho ta madzi akuda timene timauluka ndi nthunzi. Pa chifukwa chomwecho musadzaze mphika kupitirira magawo awiri mwa atatu, ndipo ngati madzi ndi ochita thovu, monga amchere kapena a m'dambo, theka basi.

Paipi yoziziritsira ikhale ya mamilimita 10 kukula kwake, yaitali mamita 4 mpaka 6. Yochepera mamilimita 6 imatsamwitsa nthunzi. Paipi yofewa ya kopa imapindika ndi manja, koma imafulumira kuphwanyika pokhota. Tsekani mbali imodzi, muidzaze ndi mchenga wouma wosefa kapena mchere, mugogode kuti utsendereke, mutseke mbali inayo, kenako muikulunge pang'onopang'ono pa chinthu chobulungira cha masentimita 18 mpaka 20, monga chitini cha penti. Mamita asanu amapereka mikombero pafupifupi 8. Mukachotsa mchenga, tsukani mkati ndi viniga wosakaniza ndi madzi, kenako ndi madzi ambiri.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mkombero uliwonse uyenera kutsika kuposa unzake, masentimita awiri kapena atatu, popanda malo ngakhale amodzi okwera. Pakakhala kadzenje, madzi amadikha pamenepo n'kutseka njira. Chizindikiro chake mudzachimva: paipi imachita phokoso ngati munthu wosukusula kukhosi, madzi amatuluka molavula, kwinaku nthunzi ikufwenthera m'mbali mwa chivundikiro. Musanamange chilichonse, thirani kapu ya madzi kumtunda kwa paipi muone ngati yonse itulukira kunsi. Mikombero imangidwe ndi waya ku timitengo titatu toimirira kuti isagwerane. Kumapeto kwa paipi kutulukire pa bowo la m'munsi mwa ndowa, lomatidwa ndi silicone kapena labala.

Tsopano kutentha konse kumene moto unalowetsa kumathera m'ndowa. Lita imodzi yotchezedwa imakweza madzi a m'ndowa ya malita 20 ndi madigiri pafupifupi 30. Mukatcheza malita awiri osasintha madzi, ndowa yatentha ndipo kumapeto kwa paipi kwayamba kutuluka nthunzi, kumene ndi kutaya madzi ndi nkhuni zomwe. Pisani dzanja mosamala: pamwamba pa ndowa pazikhala potentha, pansi pozizira. Musatakase. Kusiyana kumeneku n'kofunika, chifukwa madzi otuluka amatsirizira kuzizira m'mikombero yapansi. Tungani otentha apamwambawo ndi jagi, ndipo ozizira muwalowetse kudzera m'fanulo ndi paipi yofika pansi pa ndowa. Otenthawo asatayidwe: muchapire, mutsukire mbale, kapena muwathire mumphika ulendo wotsatira, zimene zimapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a nkhuni. Amene ali ndi mgolo wa malita 200 agwiritse ntchito umenewo, amatha kutcheza malita khumi osasintha madzi.

Ngati mumphika mukulowa kutentha kwa kilowati imodzi, mumapeza pafupifupi lita imodzi ndi theka pa ola madzi akayamba kuwira. Kukulunga mbali za mphika ndi paipi yokwera ija ndi nsalu yosagwira moto kumaonjezerako pang'ono.

Pali zoopsa ziwiri. Choyamba, lita imodzi ya madzi imasanduka malita pafupifupi 1,700 a nthunzi, choncho pakati pa mphika ndi potulukira pasakhale mpopi, vavu kapena chotsekera chilichonse. Njira ikhale yotsegula nthawi zonse. Chachiwiri, kumapeto kwa paipi kusamire m'madzi amene mukusonkhanitsa. Moto ukazima nthunzi ya mumphika imazizira n'kukhwinyata, ndipo mphika umayamwa madzi oyera aja kubwerera nawo mkati. Poto wopyapyala amatha kufwamphuka n'kupindikira mkati. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa paipi ndi madzi, n'kuphimba pakamwa pa botolo ndi kansalu koyera.

Musalole mphika kuuma. Lekani pakatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, mutaye otsalawo kutali ndi chitsime ndi dimba, chifukwa zoipa zonse zaunjikana mmenemo. Zoyera zolimba zomatirira pansi pa mphika zimatchinga kutentha. Zimasungunuka mukaviika ndi viniga kapena citric acid usiku umodzi.

Paipi yoongoka, ndi yoziziritsa ndi mphepo

Pamene pali madzi oyenda, kaya a pampopi kaya a m'thanki yokwezeka, paipi ziwiri zolowetsana zimagwira ntchito ya ndowa ija m'malo ochepa. Chipangizochi chimadziwika ndi dzina la Justus von Liebig, katswiri wa sayansi wa ku Germany. Yamkati ndi ya mamilimita 12 mpaka 15, yakunja 22 mpaka 28, kutalika masentimita 60 mpaka 100, zopendekera pansi. Madzi ozizira amalowera kumunsi n'kutulukira kumtunda, mosemphana ndi nthunzi. Mukawalowetsa kumtunda, mpata wapakati sudzaza ndipo theka la paipi limakhala louma. Pamafunika malita pafupifupi 15 oziziritsira pa lita iliyonse yotchezedwa. Ubwino wake waukulu ndi wakuti paipi yoongoka mumatha kuisuzumira ndi kuitsuka ndi burashi, pamene mkati mwa yopindapinda simuonamo.

Kuziziritsa ndi mphepo yokha kumakopa amene madzi ndi osowa kwao, koma mpweya suchotsa kutentha msanga. Paipi yosavala kanthu ya mamilimita 15 imafunika mamita 20 kapena kupitirira kuti ithane ndi kilowati imodzi. Zotchezera zogula zimakwanitsa chifukwa paipi yake ili ndi timapiko tachitsulo ndi fani. Ena amathamangira rediyeta yakale ya galimoto. Musayerekeze: zambiri zakale zinaotchereredwa ndi mtovu, ndipo mankhwala oziziritsira injini amene amatsalira mkati ndi poizoni.

Bokosi la dzuwa

Ili ndi beseni lakuda losaya, lotsekedwa ndi galasi lopendekera. Dzuwa limadutsa pagalasi n'kutenthetsa madzi mpaka madigiri 50 kapena 70. Madziwo sawira, amangouma pang'onopang'ono, chinyezi n'kumagwira kunsi kwa galasi, kutsetserekera m'kangalande ka m'munsi ndi kutulukira m'botolo. Si nzeru yatsopano. Mu 1872 ku Las Salinas, m'chipululu cha kumpoto kwa Chile, katswiri wina wa ku Sweden dzina lake Charles Wilson anamanga chotchezera chotere cha masikweya mita pafupifupi 4,700. Chinkapereka malita oposa 20,000 pa tsiku kwa anthu ndi ziweto za kumigodi, ndipo chinagwira ntchito zaka pafupifupi 40. Mukagawa ziwerengerozo mupeza malita osapitirira asanu pa sikweya mita, ndipo mpaka lero bokosi wamba silipitirira pamenepo: malita 2 mpaka 5 pa sikweya mita pa tsiku ladzuwa, kawirikawiri atatu kapena anayi. Kukachita mitambo limapereka ochepa kwambiri. Banja la anthu asanu lija lifuna masikweya mita anayi kapena asanu, ndi thanki yosungira a masiku amitambo.

Kamangidwe kake: bokosi lamatabwa la mita imodzi mbali zonse, khoma lakutsogolo masentimita 10 mpaka 12, lakumbuyo pafupifupi 37, kuti galasi lipendekere madigiri 15. Likagona kwambiri madontho amagweranso m'beseni. Likaima kwambiri mpata wa mpweya umakula ndipo bokosi limachedwa kutentha. Pansi ndi m'mbali ikani zotchinga kutentha zokhuthala masentimita asanu, monga utuchi wouma kapena thovu lolimba la pulasitiki, koma zisakhudzane ndi chinyezi cha mkati. Galasi la pawindo la mamilimita 4 n'lokwanira. Mbali yotsika iloze kumene dzuwa limadutsa masana: kumpoto ngati muli kumwera kwa equator, kumwera ngati muli kumpoto kwake.

Beseni ndi pamene pagona nkhani. Chilichonse chonunkha chikatentha, fungo lake limathera m'madzi akumwa, chifukwa bokosi ndi lotseka ndipo fungolo lilibe kothawira. Phula, penti wamafuta, matayala ndi pulasitiki wakuda wosadziwika mtundu wake zonse n'zosayenera. Zoyenera ndi thireyi ya stainless steel kapena yagalasi yodetsedwa kunsi kwake, labala wa EPDM wovomerezeka pa madzi akumwa, kapena silicone wakuda wopakidwa mopyapyala. Silicone akhale wa mtundu wogwiritsa ntchito pa zakudya kapena pa matanki a nsomba. Wa kubafa amakhala ndi mankhwala opha nkhungu. Ngakhale mutasankha bwino, madzi a masiku awiri kapena atatu oyamba mutaye.

Madzi m'beseni akhale akuya masentimita awiri okha, amene ndi malita 20 pa sikweya mita. Akuya kwambiri amatha m'mawa wonse akungofunda. Bokosi likhale lolingana bwino, chifukwa mbali imodzi ikauma pamachita mchere woyera umene umabweza kuwala m'malo mokumwa. Thirani madzi atsopano m'mamawa, ochuluka kawiri kapena katatu kuposa amene mwatcheza, kuti otsala aja asefukire kunja ndi mchere wawo. Musathire masana: mumaziziritsa beseni pa nthawi imene likugwira ntchito kwambiri, ndipo madzi ozizira akagwera galasi lotentha limatha kusweka. Madzulo musafulumire kuchotsa botolo. Kunja kukazizira galasi limazizira msanga kuposa madzi, ndipo bokosi limapitiriza kudontha mpaka usiku.

Galasi liyenera kukhala lozizira kuposa madzi, ndipo pamenepa anthu anzeru zawo amapusitsika. Kuika magalasi awiri ophatikiza ngati mawindo a kumaiko ozizira kumasunga kutentha, inde, koma kumachotsa poziziritsira, madzi n'kuchepa. Kamphepo kowomba pagalasi n'kothandiza, pamene kampata kolowetsa mphepo mkati n'kowononga kwambiri, choncho matani mipata yonse. Tsukani galasi kunsi kwake mpaka mafuta a zala atheretu. Pagalasi loyera madzi amayenda ngati kansalu kopyapyala koonekera. Pa lamafuta, ndiponso pa pulasitiki, amachita mikanda imene imabweza dzuwa n'kugweranso pansi. Ndiye chifukwa chake pepala la pulasitiki, ngakhale n'lotchipa, limapereka madzi ochepa, kuonjezera pa kufumbutuka ndi dzuwa pakapita miyezi. Mukaika kangalande kena kunja m'munsi mwa galasi, bokosi lomwelo limakololanso madzi amvula.

Dzenje lokumba pansi lophimba ndi pulasitiki, lokhala ndi kamwala pakati ndi kapu kunsi kwake, ndi mbale wake wa bokosili. Linafalitsidwa mu 1965 ndi akatswiri a sayansi Ray Jackson ndi Cornelius van Bavel ku Arizona, m'dziko la America, ngati njira yopulumukira m'chipululu. M'dothi louma limapereka madzi osadzaza n'komwe botolo laling'ono, nthawi zina ochepera thukuta limene mwataya pokumba. Si chotchezera cha pakhomo.

Magetsi

Zotchezera zogula za pathebulo zimatenga mawati 600 mpaka 750 n'kupereka malita anayi m'maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo zimazima zokha. Mukhoza kumanga elementi ya ketulo m'poto wa njira ya paipi ija, koma elementi izikhala yomira nthawi zonse, poto alumikizidwe ku waya wa earth, ndipo pakhale swichi yodula magetsi akayamba kudutsa posayenera. Madzi amchere, chitsulo ndi magetsi si zoseweretsa.

Kwa odalira sola masamu ake sakoma. Sikweya mita ya panelo imapereka pafupifupi 1 kWh pa tsiku, imene ndi lita imodzi ndi pang'ono. Sikweya mita yomweyo ya bokosi lagalasi imapereka atatu kapena anayi, popanda batire kapena inveta. Magetsi a sola ali bwino kuyendetsera sefa ya reverse osmosis, imene imachotsa mchere ndi mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi kutcheza, ngakhale kuti imafuna pampu ndi masefa ogula nthawi ndi nthawi.

Zimene zimawoloka ndi nthunzi

Kutcheza sikuchotsa zonse. Zinthu zimene zimauluka msanga zimatsagana ndi nthunzi: klorini, ammonia, chloroform amene amawira pa madigiri 61, benzene wa mu petulo amene amawira pa 80, ndi mankhwala ena ophera tizilombo m'munda. Pa njira za moto, yambani mwawiritsa madzi chosavundikira kwa mphindi 5 mpaka 10, kenako mulumikize paipi, ndipo kapu yoyamba mutaye. Madzi otuluka adutse m'kasefa ka activated carbon (makala okonzedwa mwapadera kuti aziyamwa fungo ndi mankhwala), kosinthidwa pafupipafupi chifukwa kakakhalitsa konyowa kamaswa mabakiteriya. Bokosi la dzuwa lilibe potulutsira zimenezi, choncho madzi onunkha petulo, dizilo kapena mankhwala asalowemo n'komwe. Kunena zoona, madzi otere ndi ofunika kuwasiya n'kufuna gwero lina.

Madzi otchezedwa ali ndi njala: poti alibe chosungunukamo, ndipo amamwa mpweya wa carbon dioxide n'kukhala ndi kaasidi pang'ono, amakokera chilichonse chimene akhudza. Ndiye kuyambira pamene nthunzi yatulukira mumphika, zololedwa ndi stainless steel ya mtundu wa 304 kapena 316, galasi, silicone ndi kopa woyera. Paipi ya PVC, paipi yothirira maluwa, chitsulo chokutidwa ndi zinki ndi zolumikizira zamkuwa zakale zokhala ndi mtovu zisapezekepo. Pootcherera kopa gwiritsani ntchito waya wopanda mtovu. Kopayo ali ndi vuto lake: akasiyidwa wonyowa amachita dzimbiri lobiriwira, ndipo madzi amamveka chitsulo. Malire a WHO a kopa m'madzi akumwa ndi mamiligalamu awiri pa lita. Mukamaliza ntchito khuthulani paipi iume, ndipo ikakhala masabata osagwira ntchito muitsuke ndi viniga n'kutaya lita yoyamba. Stainless steel ndi yovuta kupinda ndipo imadutsitsa kutentha mochedwerapo, koma pa madzi akumwa a tsiku lililonse, ngakhalenso a m'batire amene safuna zitsulo, ndi yabwino kuposa kopa.

Nanga musankhe iti?

Kumene dzuwa ndi lambiri, malo alipo ndipo vuto ndi mchere kapena fluoride, mangani mabokosi a dzuwa. Amadya ndalama ndi ntchito poyamba, kenako amangofuna kuthiridwa ndi kupukutidwa. Ndi bwino kumanga angapo aang'ono kusiyana ndi limodzi lalikulu, kuti galasi limodzi likasweka ena azigwirabe. Mphika wa paipi ukhale wothandizira pa masabata amitambo. Umakhala njira yaikulu pokhapokha ngati moto umayaka kale tsiku lonse pa zifukwa zina, monga mbaula yofunditsa nyumba m'nyengo yozizira, pamene kutenthako n'kwaulere ndipo madzi otentha a m'ndowa ali ndi ntchito. Kuyatsa moto wapadera kuti mutcheze malita 15 tsiku lililonse n'chinthu chimene mabanja ochepa angapirire kupitirira mwezi. Mulimonse, tchezani akumwa ndi ophikira okha. Osamba ndi ochapira safuna zonsezi.

Chotchezera chatsopano chiyesedwe musanamwe. Sungunulani masupuni awiri aakulu a mchere pa lita iliyonse, muthiremo ndi utoto wa zakudya, n'kutcheza monga mwa masiku onse. Otuluka akhale opanda mtundu ndi osamveka mchere. Kachipangizo koyezera TDS, kutanthauza kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi, n'kothandiza kwambiri: madzi otchezedwa bwino amaonetsa pansi pa 10. Akaonetsa 50 kapena 100, ndiye kuti madzi a mumphika akudumphira m'paipi, kapena madzi a m'ndowa akulowa pa mng'alu, kapena m'bokosi la dzuwa madzi a m'beseni akukwera ndi khoma kufika m'kangalande. Kumbukirani kuti kachipangizoka sikaona tizilombo kapena petulo.

Madziwa amamveka ozizira mkamwa, opanda kukoma. Kuwatsanula kangapo kuchokera m'jagi ina kupita m'ina kumalowetsa mpweya ndipo amakomako. Kamchere kotsina ndi zala ziwiri pa malita anayi kapena asanu kamathandizanso. Calcium ndi magnesium amene madzi achilengedwe amapereka mulibe, choncho amene akumwa madzi otchezedwa okhaokha kwa nthawi yaitali aonetsetse kuti chakudya chawo n'chakasinthasintha. Musabwezeremo madzi osatcheza pofuna kukometsa ngati gwero lake lili ndi arsenic, nitrate kapena tizilombo.

Posunga, dziwani kuti mulibe klorini wowateteza. Kapu yakuda imodzi yoviikidwamo imabweretsa tizilombo tonse timene munachotsa. Sungani m'mabotolo agalasi, a stainless steel kapena m'zigubu zopangidwira madzi akumwa, za pakamwa pang'ono, zotsekedwa ndi zoikidwa pamthunzi, ndipo muzitsanula kapena kutsegula kampopi m'malo motunga. Botolo lolandirira pa bokosi la dzuwa ndi kapaipi kake ndi zimene zimayamba kumera ndere, chifukwa zimakhala zofunda ndi zowala tsiku lonse. Likwirireni pansi kapena mulikute ndi nsalu yakuda bii, ndipo muzitsuka ndi madzi a klorini sabata iliyonse.